Kodi timatumba ta m'maselo tingafikitse mankhwala pa chotupa pokha?

Funso: Mayi anga akulandira kemo chifukwa cha khansa ya m'mawere. Tsitsi linathothoka lonse, akalandira diripi amasanza masiku angapo, ndipo m'kamwa mwatuluka zilonda. Mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira uthenga wa chipatala china chimene chikutsatsa ma exosome. Akuti ndi timatumba tochokera m'maselo, timanyamula mankhwala n'kukawatula pa chotupa pokha osavulaza thupi lonse. Kodi n'zoona? Tisonkhe ndalama mayi apite?

Yankho: Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a mayi. Ndiyambe ndi chimene mukufuna kumva msanga: ndalamazo musasonkhe, ndipo mayi asadumphe tsiku lawo la kemo chifukwa cha uthenga umenewo. Pamene ndikulemba pano, bungwe la FDA loona za mankhwala ku America silinavomereze mankhwala a exosome ngakhale amodzi, a khansa kapena a matenda ena alionse. Komabe mlongo wanu sanatole nkhani yopeka. Timatumbato tilipodi, tili m'magazi anu ndi anga, ndipo akatswiri ambiri akuyesa kutisandutsa zonyamulira mankhwala. Ndikufuna mumvetse pamene ntchitoyi yafika, kuti mukamakambirana pa banja mukhale ndi poyambira.

Kemo imavutitsa chifukwa mankhwala ake amagwira selo lililonse limene likugawikana mofulumira. Maselo a khansa amatero, koma amateronso maselo a m'mizu ya tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo, ndi a m'kati mwa mafupa amene amapanga magazi. Mankhwala akalowa m'mtsempha amazungulira thupi lonse ndipo sasankha. Zimene mukuona pa mayi zikuchokera pamenepo. N'chifukwa chake madokotala akhala akulakalaka kwa zaka zoposa 100 atapeza chonyamulira chimene chingasunge mankhwala m'kati mpaka chitafika pa nthenda.

Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka mafuta. Nthawi ndi nthawi selo limatulutsa timatumba tokutidwa ndi kachikopa kofanana ndi kameneko, m'kati muli mapuloteni ndi tizidutswa ta RNA, amene ndi malangizo amene selo limawerenga popanga mapuloteni. Tina timaphukira pa chikopa cha selo n'kuthothoka. Tina timapangidwira m'kati, m'chithumba chokulirapo, ndipo chithumbacho chikatsegukira kunja timatayika tonse pamodzi. Tachiwiriti ndi timene timatchedwa ma exosome, ndipo kukula kwake ndi nanomita 30 mpaka 150. Mutandanda timatumba 10,000 ta nanomita 100 pa mzere umodzi, mzerewo ungangotalika milimita imodzi.

Poyamba anthu ankatiyesa zinyalala. Mu 1967, Peter Wolf wa ku Birmingham anationa m'magazi n'kutitcha fumbi. Mu 1983, magulu awiri, la Philip Stahl ku St. Louis ndi la Rose Johnstone ku Montreal, anaona maselo ofiira a magazi amene sanakhwime akutayira m'timatumbati puloteni imene safunanso, ndipo mu 1987 Johnstone anatipatsa dzina loti exosome. Nkhani inatembenuka mu 2007, pamene gulu la Jan Lötvall ku Gothenburg, ku Sweden, linasonyeza kuti RNA ya m'timatumba ta selo limodzi imatha kulowa m'selo lina n'kuwerengedwa kumeneko. Chimene chinkaoneka ngati dzala chinapezeka kuti ndi mthenga. Ngakhale tizilombo ta malungo timagwiritsa ntchito njira imeneyi: mu 2013 ofufuza a ku Melbourne ndi a ku Harvard anapeza kuti maselo ofiira amene muli tizilomboti amatumizirana timatumba, ndipo uthengawo umathandiza tizilombo tina kusintha n'kukhala tokonzeka kutengedwa ndi udzudzu.

Apa ndi pamene anthu anayamba kuganiza kuti, ngati thupi lili kale ndi amithenga ake amene chitetezo cha m'thupi chinawazolowera, bwanji osawasenzetsa katundu wathu?

Kafukufuku amene anakopa anthu ambiri anatuluka ku Oxford mu 2011, m'gulu la Matthew Wood. Ubongo ndi malo ovuta kufikitsako mankhwala, chifukwa mitsempha yake ya magazi ili ndi mpanda wothithikana umene umatchinga zinthu zambiri za m'magazi. Koma kachilombo ka chiwewe kamadziwa kumamatira ku maselo a mitsempha ya ubongo. Ofufuzawo anatenga kachidutswa kakang'ono ka puloteni ya pa chikopa cha kachilomboko, kachidutswa kosayambitsa matenda kotchedwa RVG, n'kukalumikiza ku puloteni ya Lamp2b imene imapezeka kale pa ma exosome. Sanamate kachidutswako ndi manja ayi. Anasintha malangizo a m'maselo a mbewa, ndipo maselowo anayamba okha kutulutsa timatumba tovala chizindikirocho kunja. Kenako anaikamo RNA yotseka puloteni ya BACE1, imene imakhudzidwa ndi matenda oiwalitsa a Alzheimer, n'kubaya mbewa m'mtsempha. Puloteniyo inatsika ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 mu ubongo wa mbewazo. Ndimakumbukira mmene tinasangalalira titawerenga zimenezi, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndi nzeru yokongola: selo ndiye fakitale, ndipo ife tingolipatsa malangizo.

Tsopano tifike pa mawu amene anakukopani, akuti pa chotupa pokha. Anthu akamva za chizindikiro cha pa kathumba amaganiza za adiresi ya pa envulopu, kapena woyendetsa galimoto amene akudziwa njira. Kathumba kalibe miyendo, kalibe maso, sikadziwa kumene chotupa chili. Kamangotengeka ndi magazi kulikonse kumene akupita. Chizindikiro chija chimagwira ntchito ngati njere za chisoso. Chisoso sichithamangitsa munthu; chimakhala pamene chili, ndipo chimamata pa chitenje pokhapokha chitenjecho chikachikhudza. Kathumba nakonso kamamata pa selo la khansa ngati kapulumuka pa ulendo wonse, katuluka m'mtsempha, kadutsa m'mnofu wolimba wa chotupa, n'kukhudzana ndi selolo. Chizindikiro chimathandiza pa sitepe yomalizayi basi. Masitepe onse a m'mbuyomo sichiwasintha.

Ndipo pa ulendowo pali mono wotchera kale. Chiwindi ndi kapamba zili ndi maselo amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo choyandama m'magazi. Ofufuza akabaya mbewa timatumba topakidwa utoto wowala, m'mphindi zochepa tambiri timakhala tachoka kale m'magazi, ndipo chiwindi ndi chimene chimawala kwambiri. Mu 2016, gulu la Warren Chan ku Toronto linasonkhanitsa zotsatira za zaka 10 za kafukufuku wa tizonyamulira ting'onoting'ono topangidwa ndi anthu, ndipo linapeza kuti pa magawo 1,000 obayidwa, pafupifupi 7 okha ndi amene ankafika pa chotupa cha mbewa. Chiwerengero chimenechi sichinali cha ma exosome, ndipo akatswiri ena amatsutsa mmene chinawerengedwera, koma chikukupatsani chithunzi cha kukula kwa vuto. Wofufuza akalemba kuti chizindikiro chake chachulukitsa kawiri timatumba tofika pa chotupa, akunena zoona, ndipo ndi chipambano. Koma kuchulukitsa kawiri kanthu kochepa choncho kumasiyabe katundu wambiri ali m'chiwindi.

Pali amene ayesa kuzemba mono umenewu. Maselo athu ambiri ali ndi puloteni yotchedwa CD47, imene ili ngati chiphaso chouza maselo omeza aja kuti uyu ndi wathu, musamudye. Mu 2017, gulu la Raghu Kalluri ku MD Anderson Cancer Center, mumzinda wa Houston, linasonyeza kuti timatumba tokhala ndi CD47 timakhalitsa m'magazi. Anaikamo RNA yotseka KRAS yolakwika ya mtundu wa G12D, puloteni imene imachititsa selo kugawikana mosalekeza. KRAS yolakwika imapezeka mwa odwala oposa 90 pa 100 a khansa ya pancreas, chiwalo chimene chimatulutsa insulin. Mbewa zimene zinalandira timatumbati zinakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo. Ntchitoyi inafika pa kuyesedwa mwa anthu m'gawo loyamba, gawo limene limafunsa funso limodzi lalikulu: kodi mankhwalawa savulaza, ndipo mlingo wake ndi wotani? Odwala a m'kafukufuku wotereyu amakhala ochepa, amasankhidwa mosamala, ndipo amauzidwa poyera kuti n'zoyesa.

Kuika mankhwala m'kati mwa kathumba ndi vuto lina limene otsatsa satchula. Kathumba kamatuluka m'selo kali kotseka ndiponso kali ndi katundu wake kale. Ena amatinyika m'madzi a mankhwala kuti mankhwala okonda mafuta alowe okha m'chikopa. Ena amatigwedeza ndi mafunde a phokoso, monga linachitira gulu la Elena Batrakova ku North Carolina poika paclitaxel, mankhwala a kemo amene amagwiritsidwanso ntchito pa khansa ya m'mawere. A ku Oxford aja anagwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi yoboola timabowo ta kanthawi. Koma mu 2013, ofufuza a ku Utrecht anapeza kuti magetsiwo amachititsa RNA kuundana m'timibulu kunja kwa timatumba, ndipo timibuluto timakhazikika pansi limodzi ndi timatumba, moti woyeza amaganiza kuti zalowa pamene yolowadi ndi yochepa zedi. Mu 2015, ofufuza a pa Northwestern University anasonyezanso kuti zizindikiro zolumikizidwa ku Lamp2b nthawi zambiri zimadulidwa ndi selo lomwelo timatumba tisanatuluke, pokhapokha zitatetezedwa. Ndimalemekeza kwambiri kafukufuku wa mtundu umenewu, wobwerera m'mbuyo kukayezanso zimene aliyense anali atayamba kukhulupirira. Iye ndi amene amateteza odwala ngati mayi anu.

Ngakhale kathumba katafika n'kumezedwa ndi selo la khansa, ulendo sunathe. Selo limakatsekera m'chithumba china chimene ntchito yake ndi kugaya. Katunduyo ayenera kuthawa m'menemo asanagayidwe, ndipo pa RNA, yochepa chabe ndi imene imathawa.

Ndiye pali kupanga. Njira yakale yopatulira timatumbati ndi kuzunguza madzi amene maselo anakuliramo m'makina othamanga kwambiri, pa mphamvu yoposa yokokera zinthu pansi ka 100,000, kwa ola limodzi kapena kuposa, ndipo nthawi zina kangapo. Ndinachitapo zimenezi mu labotale ina. Umalera maselo kwa masiku, umazunguza tsiku lonse, ndipo chimene chimatsala pansi pa botolo nthawi zambiri sichioneka n'komwe ndi maso. Cha mbewa ya magalamu 25 chimakwana. Cha munthu wa makilogalamu 60, wofunika kulandira kangapo, ndi nkhani ina. Komanso timatumba ta lero sitifanana ndendende ndi ta sabata yamawa, chifukwa selo likatopa, likasowa chakudya kapena likakalamba, limasintha zimene limalongedza. Mankhwala enieni amafuna kuti botolo lililonse lifanane ndi linzake. N'chifukwa chake bungwe la akatswiri a ntchitoyi, International Society for Extracellular Vesicles, latulutsa malamulo a kayezedwe katatu, mu 2014, mu 2018 ndi ena otchedwa MISEV2023. Kusunga nakonso nthawi zambiri kumafuna firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro.

Ofufuza sanakhale manja lende. Ku Korea, gulu la Yong Song Gho linayamba mu 2013 kufinya maselo athunthu m'sefa za timabowo ting'onoting'ono kuti aphwanyike n'kupanga timatumba tochuluka pafupifupi ka 100 kuposa timene selo limatulutsa lokha. Ku Hong Kong, gulu la Minh Le linagwiritsa ntchito maselo ofiira a magazi a gulu O, amene alibe DNA yoti ingabweretse vuto. Ku Louisville ayesa timatumba ta mumkaka wa ng'ombe, poganiza kuti tingapirire m'mimba munthu atamwa. Zonsezi n'zopatsa chiyembekezo, ndipo pafupifupi zonse zikadali pa mbewa. Kampani ya Codiak BioSciences ya ku Massachusetts, imene inali patsogolo pa ntchitoyi ndipo inafika poyesa mwa anthu timatumba tokonzedwa tolimbana ndi khansa, inagwa mu March 2023 chifukwa chosowa ndalama. Iwo, ndi akatswiri awo onse, ankabaya ena mwa mankhwala awowo m'chotupa mwenimwenimo, osadalira kuti magazi awafikitsa.

Nanga chimene chikugulitsidwa m'zipatala zotsatsa zija n'chiyani? Kawirikawiri ndi madzi ochokera ku maselo a m'mchombo wa khanda kapena a nsengwa, opanda chizindikiro cholumikizidwa, opanda mankhwala a khansa m'kati. Amabwereka mawu a kafukufuku wa ku Oxford ndi ku Houston n'kuwamata pa botolo limene silikhudzana nawo. Mu December 2019, FDA inachenjeza anthu odwala ena ku Nebraska atadwala kwambiri chifukwa chobayidwa zinthu zosavomerezeka zotere. Kwa munthu amene ali pa kemo ngozi yake ndi yaikulu kuposa apo, chifukwa maselo oyera oteteza thupi amakhala atatsika, ndipo botolo lokhala ndi tizilombo likhoza kumupha. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti timatumba ndi amithenga, ndipo si uthenga uliwonse umene uli wabwino. Mu 2015, gulu la David Lyden ku New York linasonyeza kuti zotupa zimatumiza ma exosome ake patsogolo, ku mapapo kapena ku chiwindi, kukakonza malo oti khansa idzafalikire. Timatumba ta maselo aang'ono a mchombo timanyamula uthenga woti minofu ikule ndiponso mitsempha yatsopano ya magazi imere, ndipo zimenezi n'zomwe chotupa chimafuna. Sindingalole mayi anga kubayidwa zimenezo.

Ndikuuzeninso za achibale a timatumbati amene anafika kale m'zipatala, chifukwa akusonyeza kuti loto lonseli silachabe. Cha m'ma 1965, Alec Bangham wa ku Babraham, pafupi ndi Cambridge, anafotokoza timatumba ta mafuta topangidwa mu labotale, totchedwa ma liposome. Panadutsa zaka 30 kuti Doxil avomerezedwe mu 1995. Doxil ndi doxorubicin, mankhwala ofiira a kemo aja, otsekeredwa m'timatumba ta mafuta, ndipo nthenda yoyamba imene anavomerezedwera ndi khansa ya Kaposi mwa odwala Edzi, khansa imene kwathu kuno taiona kwambiri. Amavulaza mtima pang'ono poyerekeza ndi doxorubicin wamba, tsitsi silithothoka kwambiri, koma amabweretsa vuto lake la kutupa ndi kusupuka kwa zikhatho ndi mapazi. Chonyamulira chinasintha kumene mankhwala amapita, sichinachotse mavuto onse.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amapha anthu ambiri a chitetezo chotsika. Mankhwala ake akale, amphotericin B, amafuna diripi ya masiku 7 ndipo amawononga impso ndi magazi. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuphatikizapo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, anayesa diripi imodzi yokha ya mankhwala omwewo ali m'ma liposome, pamodzi ndi mapiritsi a masiku 14. Mwa odwala oposa 800, omwalira pofika sabata 10 anali pafupifupi 25 pa 100 mwa olandira diripi imodzi, ndi 29 pa 100 mwa olandira njira yakale, ndipo mavuto a impso ndi kuchepa kwa magazi zinatsika. Zotsatira zinatuluka mu 2022, ndipo chaka chomwecho WHO inalimbikitsa njira imeneyi. Katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi wa Moderna nayenso amanyamula RNA yake m'timibulu ta mafuta. Ndipo ngati muli ndi abale ku Britain, ana awo amalandira katemera wa Bexsero, woteteza ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, kuyambira 2015, mmene muli timatumba tochokera pa chikopa cha mabakiteriya. Amenewo ndi timatumba ta m'maselo enieni, tovomerezeka, ngakhale ntchito yake ndi yophunzitsa chitetezo cha m'thupi, si yonyamula mankhwala.

Maganizo anga ndi akuti ma exosome okonzedwa akadzavomerezedwa, adzayambira pa malo amene tingawafikitse mwachindunji: m'diso, pa bala, m'mapapo popuma, m'chotupa chobayika, kapena m'chiwindi momwe amakathera kale. Ndiponso adzayamba ndi katundu wosalimba ngati RNA ndi mapuloteni, amene alibe njira ina yabwino yolowera m'selo. Kulowa m'malo mwa kemo ya khansa ya m'mawere kuli kutali kwambiri kuposa pamenepo.

Mlongo wanu akafuna kutsimikiza yekha, afunse chipatalacho nambala imene SAHPRA, bungwe loona za mankhwala ku South Africa, inalembetsera mankhwalawo. Akanena kuti ndi kafukufuku, apemphe nambala ya kafukufukuyo ndi dzina la komiti imene inaloleza, ndipo afunse chifukwa chimene akulipiritsa munthu wolowa m'kafukufuku. Afunsenso kuti m'timatumbamo muli mankhwala ati a khansa, ochuluka bwanji. Kuno kwathu bungwe lofunsako ndi PMRA.

Ndalama zimene mukanasonkha zili ndi ntchito pompano: thiransipoti kuti mayi asaphonye tsiku la diripi, chakudya chofewa chimene angathe kumeza, ndi munthu wowadikirira. Kusanza kuja musakuone ngati gawo la matenda loti angopirira. Kauzeni adokotala kapena anamwino tsiku la diripi lisanafike, chifukwa pali mankhwala ngati ondansetron, dexamethasone ndi metoclopramide, ndipo amagwira bwino akaperekedwa kusanza kusanayambe. M'kamwa azichukucha kangapo pa tsiku ndi madzi owiritsa atazizira, othira mchere pang'ono ndi soda wophikira, ndipo akaona zoyera pa lilime akaonetse kuchipatala. Tsitsi limameranso pakapita miyezi ingapo kemo itatha. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi mukasunge pafupi ndi pogona pawo. Mayi akatentha thupi kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni diripi, musawapatse panado n'kudikira kuche. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo mukangofika nenani kuti ali pa kemo.